Kuphunzitsa ana za ufulu sikuwachotsa ulemu

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akunena kuti maphunziro a ufulu wachibadwidwe ndi amene akuchititsa ana mwano. Si zoona. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, limanena m'ndime 29 kuti maphunziro azithandiza mwana kulemekeza makolo ake, chikhalidwe chake, chinenero chake, komanso anthu osiyana naye. Mwana wochita chipongwe ponamizira ufulu, ine ndimati anangomva theka la phunzirolo.

Taonani m'kalasi. Mtsikana wachibwibwi waimirira kuti ayankhe, anzake ayamba kuseka chamumtima kenako mokweza, iye n'kukhala pansi atawerama. Mawa sakwezanso dzanja. Mphunzitsi wodziwa za ufulu amaletsa kusekako, amafotokoza kuti kumeneko n'kusala mnzawo, ndipo amadikira mtsikanayo mpaka amalize mawu ake.