Khansa ya m'mawere ya kumtundu: musaiwale za kuchimuna

Tikafunsa mayi amene wabwera kuchipatala ndi chotupa m'bere ngati kwawo alipo anadwalapo khansa, yankho silichedwa: kulibe, mayi anga ali bwinobwino, abale awo chimodzimodzi. Tikafunsa za kuchimuna, kwa bambo ake, amayamba wadabwa, kenako n'kukumbukira azakhali awiri amene anamwalira asanakwanitse zaka 50. Anthu ambiri amakhulupirira kuti matenda a bere amachokera kwa mayi okha. Si zoona, ndipo chikhulupiriro chimenechi chikuchedwetsa anthu amene akanapulumuka.

Nkhani yagona pa jini yotchedwa BRCA2, imene ili pa kromozomu 13. Jini ndi kachidutswa ka DNA, malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo, ndipo makromozomu ndi timitolo ta DNA imeneyi. Inapezeka mu 1995 ndi gulu la Michael Stratton ku Institute of Cancer Research ku England. Puloteni imene jiniyi imapanga ndi yolumikiza DNA ikaduka: imanyamula puloteni inzake, RAD51, n'kukaiika podukapo kuti selo likonze mosalakwitsa. Imafunikanso popanga mazira ndi umuna, pamene thupi limadula DNA dala kuti makromozomu asinthane zidutswa. Ikakhala yopunduka, zolakwika zimaunjikana m'maselo mpaka lina lisanduka khansa.

Tsono mvetsetsani apa. Aliyense ali ndi BRCA2 ziwiri, ina ya mayi ina ya bambo. Kholo limene lili ndi yopunduka, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, likhoza kupatsira mwana aliyense, ndipo mpata wake ndi 50 pa 100 pa mimba iliyonse. Bambo akhoza kukalamba osadwalako n'komwe, koma atasiyira mwana wake wamkazi jini imeneyi. N'chifukwa chake matendawa amaoneka ngati adumpha m'badwo, chonsecho anadzera mwa bambo.

Mwa amayi 100 amene ali ndi BRCA2 yopunduka, pakati pa 45 ndi 70 amadzadwala khansa ya m'mawere, nthawi zambiri akadali achichepere. Chiopsezo cha khansa ya timatumba topanga mazira ndi ya kapamba (pancreas) nachonso chimakwera.

Abambo, musaone ngati ndinu ongodutsitsa chabe. Pafupifupi 7 mwa amuna 100 amene ali ndi jini yopundukayi amadwala khansa ya bere, ndipo khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, imawagwira msanga komanso mwaukali. Chimene chimatipweteka mtima n'choti mwamuna akamva kambulu kolimba kuseri kwa nsonga ya bere amangokhala chete, mwina chifukwa cha manyazi, mwina poganiza kuti si matenda a amuna. Amadzafika kuchipatala chilonda chitaphulika kale. Nthawi zambiri kambuluko sikapweteka poyamba. Kusapwetekako si chizindikiro choti zili bwino.

Khansa zambiri za m'mawere si za kumtundu, zotengera zimangokhala 5 mpaka 10 pa 100. Koma uzani adokotala ngati mbali imodzi ya banja, tikubwerezanso, ngakhale ya kuchimuna, kuli wodwala khansa ya bere asanafike zaka 50, wodwala mawere onse awiri, mwamuna wodwala bere, kapena wodwala khansa ya timatumba ta mazira. Jiniyi amaiyeza ndi magazi kapena malovu. Ikapezeka yopunduka, kuunika mawere kumayamba msanga, pa zaka 25 mpaka 30, ndipo ena amasankha opaleshoni yochotsa mawere kapena timatumbato khansa isanabwere. Kwa odwala kale aliponso mankhwala monga olaparib, ovomerezedwa koyamba mu 2014, amene amapha maselo a khansa osatha kukonza DNA yawo.

Funsani bambo anu lero kuti alongo awo ndi mayi awo anadwala chiyani, ndiponso anadwala ali ndi zaka zingati. Lembani zimene mwamvazo, mudzapite nazo kuchipatala. Koma ngati chotupa chilipo kale, kapena nsonga ya bere yalowa m'kati kapena ikutulutsa magazi, musadikire mayankho a abale, pitani sabata yomwe ino.