Wilo ya Alfred Beit ndi kathokozedwe ka akufa ku Zomba

Ophunzira ena akamaliza digiri yoyamba pa Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba amapempha thandizo ku bungwe la Beit Trust kuti akapitirize maphunziro ku Britain kapena ku South Africa, koma si onse amene amadziwa kuti ndalamazo zinachokera mu wilo ya munthu amene anamwalira m'chaka cha 1906. Alfred Beit anabadwira ku Hamburg mu 1853, ndipo analemerera m'migodi ya dayamondi ku Kimberley ndi ya golide ku Johannesburg, kumene ankayendera limodzi ndi Cecil Rhodes. Mu wiloyo anapatula chuma chomangira njanji ndi milatho ku Rhodesia (lero Zambia ndi Zimbabwe), n'chifukwa chake mlatho wa pa Limpopo, umene unatsegulidwa mu 1929, uli ndi dzina lake. Nyasaland inayamba kupindula nawo mu 1954, nthawi ya Chitaganya, likulu la dziko likadali kuno. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, kumene ana obadwa ndi mapazi opindika amawongoledwa, chinatsegulidwa mu 2002.

Kusiyira chuma anthu osawadziwa sikunali m'mwambo wathu. M'midzi ya chikamwini, katundu wa malemu ankagawidwa ndi mwinimbumba maliro akatha, ndipo ankatsatira mtundu: khasu, mbuzi ndi zovala zinkapita kwa abale ndi adzukulu. Wofuna kupatsa mpingo kapena mzikiti malo ankapereka ali moyo, amfumu akuona. Kuthokoza nako kunali ndi njira yake. Pakati pa Asilamu a Chiyao, abale amachita sadaka, pomwe miphika ya mpunga imaterekedwa m'mamawa, mashehe amapempherera malemu, ndipo aliyense wodutsa amadya osafunsidwa kuti ndi wa kwa yani. Mabanja achikhristu amamanga chiliza, n'kusonkhana kumanda kutchula zabwino zimene munthuyo anachita.

Lamulo la mawilo la 1967 linalowedwa m'malo ndi la 2011, limene cholinga chake chachikulu chinali kuthetsa kulanda chuma cha masiye. Lamuloli limalola munthu kusiyira sukulu, chipatala kapena mpingo gawo la chuma chake, bola wiloyo ikhale yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo khoti likhoza kulowererapo ngati mkazi ndi ana asiyidwa manja lende. Ine ndimaona kuti apa lamulo linagwirizana ndi nzeru za makolo, pakuti mphatso yoliritsa ana amasiye palibe angaiyamike ndi mtima wonse.

Za Beit n'zovutirapo. Mwana amene akuyenda lero chifukwa cha chipatala chija ali ndi chifukwa chenicheni chothokozera, ndipo sindingamuletse. Komabe migodi ya ku Joni inakumbidwa ndi anthu akuda olipidwa pang'ono, ndipo ena mwa iwo anali azigogo athu amene anatengedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi, n'kubwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mayina awo sali pakhoma la chipatala chilichonse, ndipo pamene tikuyamika wolemba wiloyo tiyenera kuwatchulanso iwo.