Ndime imodzi kapena ndakatulo yonse? Za Prešeren ndi nyimbo ya fuko la Slovenia

Pa 8 February chaka chilichonse anthu a ku Slovenia sapita kuntchito. Amakumbukira mlakatuli wawo France Prešeren, amene anamwalira tsiku limeneli mu 1849 ku Kranj. Koma nyimbo yomwe amaimirira akamaimba pa tsikulo ili ndi mkangano wake. Malamulo aakulu a dzikolo a 1991 amangoti nyimbo ya fuko ndi Zdravljica, ndakatulo ya Prešeren, pamene lamulo la 1994 likuti ndi ndime yachisanu ndi chiwiri yokha ya ndakatuloyo.

Prešeren anabadwira m'mudzi wa Vrba mu 1800, nakaphunzira zamalamulo ku Vienna. Anakanizidwa kasanu kutsegula ofesi yakeyake ya uloya, mpaka mu 1846.

Zdravljica anailemba mu 1844 ngati nyimbo ya pa vinyo watsopano, ndipo mizere ya ndime iliyonse anaisanja kuti izioneka ngati tambula ya vinyo. Pokonza buku lake la Poezije, iye mwini anachotsamo ndime yachitatu, yomwe imapempha mphezi kuti ikanthe adani a mtundu wake, poganiza kuti akatero zotsalazo zidutsa kwa akuluakulu a boma la Austria, lomwe linkalamulira Asloveniya nthawi imeneyo. Sizinathandize. Woyesa mabuku asanasindikizidwe ku Vienna, Fran Miklošič, naye Msloveniya, anakana ndime yachinayi poona kuti ikukopa mitundu ya Asilavu, yomwe Asloveniya ndi umodzi mwa iyo, kuti igwirizane. Prešeren sanalole kuti ndakatulo yake ituluke yoduladula, anaichotseratu m'bukumo. Inasindikizidwa pa 26 April 1848 m'nyuzipepala ya Novice, chipwirikiti choukira boma cha mu March chaka chomwecho chitathetsa kuyesa mabuku. Chaka chisanathe mwini wake anali m'manda.

Ndime yomwe imaimbidwa lero, pa maimbidwe a Stanko Premrl, imafunira moyo mitundu yonse yolakalaka tsiku lomwe mikangano idzathe ndipo wa tsidya la malire adzakhale mnansi, osati mdani. Dzina la Asloveniya mulibemo. Mlembi Boris Pahor, amene anakulira ku Trieste, mzinda wa ku Italy, pomwe chiyankhulo chake cha Chisloveniya chinkaletsedwa, ankati pawonjezedwe mizere ya ndime yachiwiri yotchula mtunduwo. Dandaulo la munthu wotero silopeputsa. Malamulo awiriwo sakumasulirana, ndipo Prešeren sanadziwe kuti akulemba nyimbo ya fuko, choncho palibe angamunenere. Chomwe zolembedwa zikuonetsa n'chakuti atauzidwa kuti ndime ina ichoke, iye anabweza ndakatulo yonse.