Mbedza yaing'ono, nyambo pakamwa pa nsomba

Anthu amene amandifunsa za kuwedza nsomba mongosangalala amayamba pafupifupi onse ndi funso limodzi: "Ndigule ndodo yanji?" Ena ndi aphunzitsi amene angopuma pantchito, ena ndi anyamata a mu Lilongwe amene akufuna kopita Loweruka, ena ndi makolo amene mwana wawo wawaumiriza atabwerako ku Salima. Yankho langa ndi lakuti musagule kaye. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi asodzi ndaona kuti woyamba kumene amabwerera chimanjamanja pa zifukwa ziwiri: mbedza yake yakula kuposa pakamwa pa nsomba, kapena nyambo yake ili pamene nsomba palibe. Ndodo ya ndalama zambiri sikonza ziwirizi.

Dulani nsungwi yowuma, yowongoka, yotalika ngati mamita 3, yopyapyala kunsonga kuti izitha kupindika. Mangani kunsongako chingwe cha nayiloni chotalika ngati nsungwiyo, chija chosaoneka m'madzi. Mufunikanso kamtovu kakang'ono kolemeretsa nyambo, ndi choyandama. Kachidutswa ka bango louma kapena ka patapata yakutha kamagwira ntchitoyi bwinobwino. Zonsezi mtengo wake sufika pa wa chambo chimodzi chachikulu pamsika.

Pa mbedza ndipo ndikufuna tikhazikike. Manambala a mbedza amayenda chobwerera: nambala ikamakula, mbedza ikuchepa. Nambala 12 ndi yaing'ono kuposa nambala 6, ndipo nambala 6 ndi yaing'ono kuposa nambala 2. Woyamba kumene akafika pa golosale maso amathamangira mbedza yaikulu, poganiza kuti ndiyo ya nsomba yaikulu. Koma tengani makumba amene mwagula, muwatsegule pakamwa ndi chala, muone. Kamwa lake ndi kakang'ono zedi poyerekeza ndi thupi. Nsomba yotere ikapeza mbedza yaikulu imangonyotsola nyambo m'mbalimbali mpaka kutha, inu n'kumadabwa kuti nyongolotsi ikupita kuti. Mbedza yaing'ono imagwira nsomba yaing'ono ndi yaikulu yomwe; yaikulu imagwira yaikulu yokha, ndipo zazikuluzo sizichuluka. Pa makumba ndi chilunguni yambani ndi nambala 10 kapena 12. Pa mlamba, umene kamwa lake ndi lotambalala, nambala 4 kapena 2 ndi yokwana.

Nyambo yosavuta ndi nyongolotsi. Zimapezeka m'dimba, pansi pa nthochi, kapena pamene pamatayidwa madzi otsukira mbale. Zisungeni m'chitini muli dothi lonyowa, pamthunzi, chifukwa zikaombedwa ndi dzuwa zimafa msanga. Poika pa mbedza, lowetsani nsonga ya mbedza kumutu kwa nyongolotsi, muikankhe pang'onopang'ono itsate kupindika kwa chitsulo mpaka chitsulocho chibisike, kenaka musiye kamchira kakang'ono kakulendewera. Kamchirako ndiko kamayitana nsomba, koma kakatalika nsomba imangokadula n'kuthawa. Ngumbi m'nyengo yake ndi nyambo yabwino kwambiri, ziwala nazonso. Nsima yotsala, yokanyidwa ndi madeya mpaka italimba, imakoka makumba. Mlamba umatsata fungo, choncho matumbo a nkhuku kapena chiwindi zimaukoka ngakhale m'madzi a matope.

Tsopano kuya kwa madzi, kumene ambiri samakuganizira n'komwe. Nsomba sizimwazikana paliponse m'dziwe ngati mchere m'ndiwo. Mlamba umadya pansi penipeni. Makumba amakonda m'mphepete mwa bango ndi udzu wa m'madzi, pang'ono pamwamba pa matope. Mukafika pamalo, musanaike nyambo, kolekani kamwala kolemerako pa mbedza ndi kuponya. Choyandama chikamira, chikwezeni pa chingwe. Chikagona chammbali, chitsitseni. Chikaima madzi akuchifika m'khosi, mwadziwa kuya kwa malowo. Mukatero chitsitseni ngati chikhatho chimodzi, kuti nyambo ilendewere pamwamba pang'ono pa matope. Ntchitoyi imatenga mphindi zitatu, ndipo ndi imene imasiyanitsa anthu awiri okhala pa gombe limodzi, wina akukoka, wina akungoyang'ana madzi. Pakatha theka la ola popanda kugwedeza, sinthani kuya musanasinthe malo.

Choyandama chimayankhula, muyenera kuphunzira kuchimva. Chikamanjenjemera pang'onopang'ono pamalo amodzi, kawirikawiri ndi matemba kapena tiana ta nsomba tikuseweretsa nyambo, musakoke. Chikagona mwadzidzidzi, nsomba yanyamula nyambo pamodzi ndi mtovu n'kukwera nazo. Chikayamba kuyenda chammbali n'kumira, ndiyo nthawi yake. Kwezani nsonga ya nsungwi ndi dzanja lokha, mwachangu koma mosagwiritsa mphamvu za phewa. Ndinaonapo mtsikana wa zaka ngati khumi pa dziwe lina akuchita zimenezi bwino kuposa bambo ake: bambowo ankakoka ngati akuzula chinangwa, mbedza n'kumatuluka yokha m'mwamba, pamene mwanayo ankadikira bango lake limire lonse, n'kungotembenuza dzanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalaninso pansi, musapondeponde, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi, pakuti nsomba imamva kugunda kwa mapazi kudzera m'nthaka.

Mudzadabwa ndikakuuzani kuti chambo, nsomba imene aliyense amailakalaka, sichigwidwa kawirikawiri ndi mbedza. Chakudya chake chachikulu ndi tizomera tosaoneka ndi maso timene timayandama m'madzi, motero nyongolotsi sichiilabadira kwenikweni. N'chifukwa chake asodzi amachipha ndi maukonde. Pa nyanja ya Malawi nsomba za mbedza ndi zija zodya zinzake: mcheni, umene umathamangitsa usipa, ndi kampango, amene amadya usiku pansi pa madzi akuya. Zonsezi nyambo yake ndi usipa. Koma zimafuna bwato ndi munthu wodziwa nyanja, ndiye musayambire pamenepo. Mpasa wa mu mtsinje wa Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota, ndi nsomba za trout zimene zinabwera m'nthawi ya atsamunda m'madamu a pa phiri la Zomba ndi ku Nyika, ndi za mtsogolo, mukazolowera; kumenekonso kumafunika chilolezo cha oyang'anira malowo.

Nthawi yabwino ndi m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera pang'ono, ndi madzulo dzuwa likapendeka. M'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amazizira, ndipo makumba amadya mwaulesi. Amene wayamba kuwedza nthawi imeneyi angaganize kuti alibe mwayi, pamene vuto ndi nyengo. Kukatentha nsomba zimadya kwambiri, ndipo mvula yoyamba ikagwa milamba imakwera m'makhwawa ndi m'madambo.

Pali zinthu zimene sindingazisiye osanena, chifukwa ndaona mabanja akulira. Mu Shire, mu Bua ndi pamathiriro a mitsinje yambiri muli ng'ona. Funsani eni mudzi musanakhale pansi, khalani kutali ndi m'mphepete penipeni, musamabwerere pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo musatumbulire nsomba m'madzi. Mvuu imene ili ndi mwana siyofunika kuiyandikira ngakhale muli m'bwato. Mitambo ikayamba kugunda, ikani ndodo pansi muchoke, pakuti munthu woimika ndodo yaitali pa gombe ndiye chinthu chachitali kuposa zonse pamalopo. Pa nyanja, mphepo ya mwera imadzuka mofulumira m'miyezi yozizira; asodzi akakana kulowa, inunso musalowe. Madzi odekha okhala ndi udzu, amene nsomba zimawakonda, ndi amenenso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ngati mwakhala mukulowamo, pitani kuchipatala mukayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Mlamba uli ndi minga yolimba pa zipsepse za m'mbali mwa mutu, ndipo ikakubayani bala lake limapweteka masiku angapo. Ugwireni kumbuyo kwa mingayo ndi nsalu yonyowa.

Madzi ali ndi eni ake. Pa magombe ambiri pali makomiti a asodzi, aja amati ma BVC, amene amagwira ntchito ndi mafumu komanso Dipatimenti ya za Usodzi potsata lamulo la usodzi la 1997. Kawapatseni moni, muwauze chimene mwabwerera. Adzakuuzani malo oletsedwa, ndiponso nthawi zambiri adzakulozerani pamene nsomba zikudya. Ku Cape Maclear, m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park amene anakhazikitsidwa mu 1980, saloledwa kupha nsomba mkati mwa mamita 100 kuchokera kumtunda wa pakiyo, pofuna kuteteza mbuna, tinsomba ta mitundu yowala ta m'miyala. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuyambira kalekale, ndipo asodzi amamvera. Katupe ndi maukonde a udzudzu musayandikire n'komwe: zimapha ndi tiana ta nsomba tomwe.

Mu Novembala ndi Disembala chambo chimakhala chikuswana, ndipo makoka amaletsedwa pa nyanja. Chambo ndi makumba amalera ana m'kamwa: yaikazi imanyamula mazira, kenaka tiana, kwa milungu ingapo. Mukakoka nsomba imene pansi pa kamwa pake patupa, kapena mukaona timazira tachikasu tikugwa m'kamwa mwake, nyowetsani manja, chotsani mbedza msanga, muibwezere m'madzi mwaulemu osaiponya. Kuti kuchotsako kuzikhala kosavuta, finyani ndi pulayala kamunga kobwerera m'mbuyo ka pa mbedza musanayambe kuwedza. Mbedzayo ikadzakubayani chala, mudzathokozanso. Pa nsungwi yanu, kuyambira kogwirira, yezani masentimita 15 ndi kulembapo ndi mpeni. Umenewo ndi msinkhu wochepetsetsa umene malamulo amalola pa chambo, ndipo ine ndimautsata pa makumba ndi chilunguni omwe. Nsomba ikatuluka, igonekeni pa chizindikirocho. Ikapanda kufika, ibwerere.