Kutha kwa bajeti sikutseka sukulu za mkombaphala

M'midzi ina ku Thyolo mumamveka mphekesera yoti chaka cha boma cha zachuma chikatha, sukulu za mkombaphala zitsekedwa chifukwa thandizo latha. Zimenezi si zoona. Chaka cha zachuma chimatha pa 31 Malichi, ndipo Nyumba ya Malamulo imavomereza bajeti yatsopano chaka chilichonse, momwe mumakhalanso gawo la mmera mpoyamba, lomwe ndi la chisamaliro ndi maphunziro a ana aang'ono. Komanso sukulu zambiri zam'midzi zimayendetsedwa ndi makomiti a makolo ndi alezi ongodzipereka, ndipo kawirikawiri ufa wa phala umachokera kwa makolo omwewo. Ndalama za boma n'zochepa ndithu, koma kholo lothyola tiyi likasunga mwana pakhomo chifukwa cha mphekeserayi, wotaya mwayi ndi mwanayo. Okayikira afunse ku ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma la Thyolo.