Atatula mfuti ku Mozambique, manja anagwira chiyani?

Pa 4 Okutobala 1992, pulezidenti wa Mozambique wa nthawiyo Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa gulu loukira boma la Renamo Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere ku Rome, ndipo nkhondo yapachiweniweni yomwe inayamba mu 1977 inatha. Akuluakulu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza sangaiiwale nkhondoyi, poti anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno, n'kumalima nafe dimba limodzi.

Mu 1994, asilikali oposa 90,000 a boma ndi a Renamo anatula pansi zida moyang'aniridwa ndi gulu la United Nations lotchedwa ONUMOZ. Ambiri anatengedwa kunkhondo ali anyamata, ena asanamere n'komwe ndevu, ndipo luso limene ankalidziwa linali la mfuti basi. Aliyense anapatsidwa khasu, mbewu, ndowa ndi thiransipoti yopita kudera lomwe wasankha. Ankalandiranso ndalama kwa miyezi 24: miyezi 6 zinkachokera ku boma, miyezi 18 kwa mayiko othandiza kudzera ku UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko.

Maphunziro a ntchito zamanja analipo. Bungwe la United Nations loona za ntchito la ILO linakonza makosi a ukalipentala, kumanga nyumba, umakaniko ndi utelala, koma anali a miyezi yochepa ndipo anafikira anthu owerengeka. Taganizirani mnyamata amene waphunzira kupala matabwa, wapatsidwa sowo ndi hamala, wabwerera kumudzi ku Angónia kapena ku Mutarara. Anthu kumeneko angobwera kumene kuchokera kumisasa, akumanga tizisakasa, m'thumba mulibe ndi khobidi lomwe. Tebulo agule ndani? Ena anagulitsa zipangizo zija n'kubwerera kukhasu. Ine ndimaona kuti chimene chinagwira mtendere m'zaka zimenezo ndi ndalama zija pamodzi ndi minda, osati makosiwo.

Matchalitchi anayesa njira yawo. Mu 1995, Bishopu Dinis Sengulane ndi Christian Council of Mozambique anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makina osokera, njinga, makasu ndi malata. Apa munthu ankasankha yekha chomuthandiza.

Sukulu zenizeni zophunzitsa luso zinatsalira kwa nthawi yaitali. Boma ndi othandiza anathamangira kumanganso sukulu zapulayimale, zomwe nkhondo inawononga kapena kutseka zochuluka zedi, ndipo palibe angawanene. Koma m'sukulu zaluso munatsala makina achikale ndi silabasi yosadziwa zomwe makampani akufuna. Zinthu zinayamba kusintha mu 2006, pamene boma linakhazikitsa pulogalamu yokonzanso maphunziro aluso ya PIREP mothandizidwa ndi World Bank, kuti olemba ntchito azikhala ndi mawu pa zophunzitsidwa. Lamulo la maphunziro a ntchito linadza mu 2014, ndipo ndi limene linabala bungwe loyang'anira maphunzirowa la ANEP.

Pofika nthawiyo, kampani ya Vale inali itayamba kale kukumba malasha ku Moatize, m'chigawo cha Tete, mu 2011. Inkafuna owotcherera zitsulo, amagetsi ndi oyendetsa makina akuluakulu, ndipo ambiri mwa amisiri odziwa bwino ntchitozi anachita kuchokera ku Maputo ndi kumayiko ena, ana a ku Tete akuonerera.