Jujutsu wa ku Japan ndi jiu-jitsu wa ku Brazil: agogo ndi mdzukulu

Pa ntchito yanga yophunzitsa masewera ogwetsana, anthu amakonda kundifunsa ngati jujutsu wa ku Japan ndi jiu-jitsu wa ku Brazil ali chinthu chimodzi. Salakwa kufunsa choncho, chifukwa dzina ndi lomwelo, angosiyana kalembedwe. M'Chijapani, "ju" ndi kufewa, kulolera mphamvu ya mnzako m'malo mogundana nayo, ndipo "jutsu" ndi luso. Koma awiriwa ali ngati agogo ndi mdzukulu amene anakulira kutali: magazi amodzi, makhalidwe osiyana.

Jujutsu wakale anali wa asamurai, ankhondo akale a ku Japan. Sukulu ya Takenouchi-ryu, imene ambiri amati ndi yakale kuposa zonse, inayamba mu 1532, dziko la Japan lili pa nkhondo yapachiweniweni. Taganizirani msilikali amene lupanga lamupulumuka, mdani wamufika pafupi, onse awiri avala zovala zankhondo zolimba. Kumenya nkhonya pa chovala chotero n'kungodzipweteka wekha. Chatsala n'kumugwetsa, kumupinda mkono, kumupanikiza ndi bondo, kenako kusolola mpeni waufupi kapena kumumanga ndi chingwe. Zonsezi zichitike msangamsanga, chifukwa anzake a mdaniyo ali pomwepo. Msilikali wotere safuna kugona pansi ngakhale kamphindi. Wogona pansi pabwalo lankhondo ndi wakufa kale.

Mtendere utabwera m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, masukulu anachuluka kufika mazanamazana. Anawonjezera njira zodzitetezera utavala zovala wamba, zolanda munthu mpeni, ngakhale zolimbana ndi amene wakuukira uli chogwada m'nyumba. Kumenya malo ofewa a thupi kunalinso momwemo. Nanga zoopsa chonchi ungaziphunzire bwanji osavulaza mnzako? Njira yawo yaikulu inali kata: anthu awiri amagwirizana kuti wina aukira motere, wina ayankha motere, n'kumabwereza kwa zaka zambiri. Malamba amitundumitundu kunalibe. Mphunzitsi akakhutira nawe ankakupatsa chikalata chotchedwa menkyo.

Pakati pa agogo ndi mdzukulu pali kholo limene anthu ambiri amaliiwala, ndilo judo. Jigoro Kano, amene anayambitsa judo, anaphunzira m'masukulu awiri akale, Tenjin Shin'yo-ryu ndi Kito-ryu, ndipo mu 1882 anatsegula sukulu yake yotchedwa Kodokan mumzinda wa Tokyo. Iye anapatula njira zopha ndi zolumaza n'kuzisiya mu kata, koma zotsalazo anati ophunzira azizichita ndi mphamvu zonse, mnzawo akukana ndi mtima wonse. Kuyeserera kotereku amakutcha randori. Kwa ine, apa ndi pamene njira ziwirizi zinapatukana, Brazil isanalowe n'komwe m'nkhaniyi.

Mitsuyo Maeda, wophunzira wa ku Kodokan, anachoka ku Japan mu 1904, n'kumayenda m'maiko akulimbana ndi aliyense wofuna kumuyesa. Anafika ku Brazil mu 1914 ndipo anakhazikika ku Belém. Masiku amenewo kunja kwa Japan anthu ankatchabe judo kuti jiu-jitsu, n'chifukwa chake dzina lakalelo ndi limene linamera mizu kumeneko. Malinga ndi mbiri ya banja la Gracie, limene linatchukitsa jiu-jitsu wa ku Brazil, Carlos Gracie anaphunzira kwa Maeda, n'kukaphunzitsa abale ake, kuphatikizapo Hélio, ndipo anatsegula sukulu ku Rio de Janeiro mu 1925. Sanali okha. Oswaldo Fadda, wophunzira wa Luiz França, ankaphunzitsa ana a m'madera osauka a mzinda womwewo, ndipo anyamata ake ankadziwika ndi luso lopinda mapazi. Dzina lake liyenera kumatchulidwa kuposa mmene limatchulidwira.

Ku Brazil mdani anali wamtundu wina: munthu mmodzi, wopanda chida, pamaso pa anthu oonerera, nthawi ilipo yambiri. Zikatero, pansi sipakhalanso poopsa. Ndi pamene munthu wochepa thupi amachepetsera mphamvu ya wamkulu, chifukwa nkhonya ya munthu amene sanaponde pansi ndi mapazi ilibe ukali. Choncho anthu a ku Brazil anakulitsa kwambiri mbali imene judo ankaitcha newaza, kulimbana muli pansi.

Chimene chimadabwitsa woonerera koyamba ndi chimene amachitcha guard. Munthu wagona chagada, mnzake ali pamwamba, ndipo inu mukuona ngati wagonja. Ayi ndithu. Miyendo yake yazinga m'chiuno mwa wapamwambayo kapena yamutchinga kuti asayandikire, ndipo ali pomwepo angathe kumugubuduza, kumuwongola chigongono mopitirira malire, kapena kumukanyanga pakhosi ndi ntchafu. Kukanyangako, kukachitika bwino, sikutseka mpweya koma mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi imene imapititsa magazi ku ubongo, ndipo munthu amakomoka m'masekondi ochepa. N'chifukwa chake phunziro loyamba limene ndimapatsa wophunzira watsopano ndi la kugonja: ukamva kuti wagwidwa, gogoda ndi dzanja pathupi la mnzako, iye akusiye pompo. Kugogodako ndi kumene kumatheketsa anthu kulimbana ndi mphamvu zonse tsiku ndi tsiku, mawa n'kudzukanso ali bwinobwino.

Malamulo a mpikisano a bungwe la IBJJF, loyendetsa mipikisano ya jiu-jitsu wa ku Brazil, amaonetsa bwino kumene kuli mtima wa masewerawa. Kugwetsa mnzako, kumene mu judo kungathetse mpikisano nthawi yomweyo, kuno n'mapointi 2 okha. Kudutsa miyendo yake ndi 3, kumukhalira pamimba kapena kumugwira chakumsana ndi 4. Kumenya n'koletsedwa. Akuluakulu amayamba ndi lamba woyera, kenako wabuluu, wapepo, wabulawuni, n'kumalizira wakuda, ndipo ambiri zimawatengera zaka pafupifupi 10.

Mu 1951, pa bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, katswiri wa judo Masahiko Kimura anagonjetsa Hélio Gracie pomupinda mkono. Anthu a jiu-jitsu sanabise manyazi amenewo. Mpaka lero kapindidwe kameneko amakatcha kimura. Dziko lonse linadzatsegula maso pa 12 Novembala 1993 ku Denver m'dziko la America, pa mpikisano woyamba wa UFC, wolimbanitsa akatswiri a masewera omenyana osiyanasiyana, pamene Royce Gracie, mwana wa Hélio, wolemera makilogalamu pafupifupi 80, anagonjetsa anthu atatu usiku umodzi, onse atachita kuvomera okha kuti zawakanika.

Munthu akandifunsa kuti aphunzire uti, ndimayamba ndamufunsa chimene akufuna. Ngati akufuna kuti thupi lake lizolowere kukanidwa, kupanikizidwa ndi kutopa popanda kuchita mantha, jiu-jitsu wa ku Brazil amafikitsa msanga pamenepo, chifukwa chilichonse chimayesedwa pa munthu amene sakukulolera. Koma ndimamuuzanso mosabisa kuti kugona chagada pamsewu, pamene pali miyala, mpeni ndi anzake a wokuukirayo, n'kudziika m'kamwa mwa mkango. Jujutsu wakale samaiwala zimenezo. Amakumbukira chida, amakuphunzitsa kukhala chiimire ndi kuchoka msanga, ndipo amasunga mwambo wa zaka pafupifupi 500 umene ine ndimaulemekeza kwambiri. Vuto lake n'lakuti munthu angathe kuchita kata zaka zambiri osakumanapo ndi dzanja lomukana.

Dziwaninso kuti masukulu ambiri a kunja kwa Japan amene amalemba pakhomo kuti amaphunzitsa jujitsu wachikhalidwe ndi atsopano, osakaniza judo, karate ndi aikido. Ena mwa iwo ndi abwino ndithu. Musanalipire, pemphani kuonerera phunziro lonse mpaka kumapeto, ndipo mufunse mphunzitsiyo kuti iye anaphunzira kwa yani, komanso kuti ophunzira ake amalimbana momasuka kangati pa sabata.